Njovu n'za dziko lonse, munda ngwa munthu mmodzi

Mwezi wa Febuluwale ndi umene umaulula zimene thengo limachitira banja losauka. Chimanga cha chaka chatha chatha m'nkhokwe, cha m'munda changotulutsa ngayaye, ndipo cha pamsika mtengo wake ngwosayamba. Mayi amalawira mame asanaume, dengu pamutu, ndipo dzuwa likamafika paliwombo amabwera ndi bowa: wina wa mumphika, wina wokaika m'timbale m'mphepete mwa msewu kuti apeze ya mchere ndi sopo. M'mizere ya chimanga muli chisoso, bonongwe, luni ndi denje, ndiwo zimene palibe anazidzala. Nyengo ikasintha, thengo nalo limasintha mbale: mbewa, malambe, bwemba ndi masau m'chilimwe, masuku ndi matondo mvula ikamayandikira, ngumbi ikangogwa. Onjezanipo nkhuni, udzu wofolera, luzi, nsungwi, uchi, ndi muzu umene agogo amakumba mwana akatsegula m'mimba. Zonsezi simungazipeze m'buku la ndondomeko ya chuma cha boma, koma zitati zisowe lero, banja lija lingafunike ndalama zimene silinazigwirepo chibadwire.

Akatswiri akamakamba za zamoyo zosiyanasiyana, dengu lija lili momwemo. Amanena za kuchuluka kwa mitundu ya zomera, nyama, nsomba, tizilombo ndi bowa. Amanenanso za kusiyana kumene kuli mkati mwa mtundu umodzi, monga mmene nyemba za nanyati zimasiyanirana ndi kholophethe, komanso za malo amene zamoyozo zimakhalamo: dambo, phiri, nyanja, nkhalango. Koma chachikulu ndi kudalirana kwake. Bowa wa manyame sangamere popanda mizu ya mitengo ya chilengedwe monga mombo, tsamba ndi msuku, chifukwa moyo wake unalukana ndi mizuyo pansi pa nthaka. Mukadula mitengoyo n'kudzalapo bulugamu, wowerenga mitengo adzalemba kuti nkhalango yabwerera. Mayi wa dengu uja adziwa kuti sinabwerere.

Zimene zikuchitika pa dziko lonse n'zoopsa, ngakhale manambala ake amafunika kuwamva bwino. Mu 2019 bungwe la akatswiri la IPBES, limene limalangiza maboma pa nkhanizi, linati mwa mitundu pafupifupi 8 miliyoni ya zomera ndi nyama, pafupifupi 1 miliyoni ili pachiopsezo chotheratu. Mu 2024 bungwe loteteza zachilengedwe la WWF linati magulu a nyama amene akhala akuwerengedwa kuyambira 1970 mpaka 2020 anachepa ndi 73 peresenti tikaphatikiza onse, ndipo a m'madzi opanda mchere, a m'mitsinje ndi m'nyanja ngati zathuzi, anachepa ndi 85 peresenti. Izi sizikutanthauza kuti nyama 73 mwa 100 zilizonse zinafa, koma kuti umo ndi mmene magulu owerengedwawo akutsikira. Zifukwa zikuluzikulu n'zodziwika: kusandutsa thengo kukhala minda ndi matauni, kukolola mopyola muyeso, kusintha kwa nyengo, kuipitsa madzi ndi nthaka, ndi zamoyo zobwera zimene zimalanda malo a zinzake. Chomalizachi aliyense amene anamvapo kuti magetsi azima chifukwa namasupuni watseka makina pa Shire amachidziwa.

Ntchito zimene palibe amalipira

Vuto la zamoyo zambiri ndi loti ntchito yake imaoneka zikachoka. Chitsanzo chomvetsa chisoni kwambiri chinachitika ku India. Dzikolo lili ndi ng'ombe zochuluka zedi, ndipo ambiri sadya nyama yake, choncho ng'ombe ikafa ankangoisiya panja, miimba n'kuimaliza m'kanthawi kochepa. M'zaka za m'ma 1990 alimi anayamba kubaya ziweto mankhwala opha ululu otchedwa diclofenac, amene anali atatsika mtengo. Muimba ukadya nyama ya ng'ombe yobayidwa mankhwalawa, impso zake zinkaleka kugwira ntchito. Pa zaka khumi zokha, mitundu ina ya miimba inachepa ndi zoposa 95 peresenti. Mitembo ya ziweto inayamba kuwolera pamtetete, agalu osowa mwini anachuluka, chiwewe chinafala, madzi anaipa. Boma linaletsa kubaya ziweto mankhwalawo mu 2006. Mu 2024 akatswiri awiri a zachuma, Eyal Frank ndi Anant Sudarshan, anawerengera kuti kusowa kwa miimba kunawonjezera imfa za anthu pafupifupi 500,000 pakati pa 2000 ndi 2005. Mbalame yonyansa maonekedwe, imene palibe mlendo angakwere ndege kukaiona, inali ikugwira ntchito ya unduna wonse wa zaumoyo popanda malipiro.

Nkhani yofanana nayo ili kwathu konkuno. Ofufuza amene akhala akuwerenga nsomba ku Cape Maclear kwa zaka zambiri anaona kuti nsomba zodya nkhono zitachepa m'madzi osaya chifukwa cha makoka, nkhono zonyamula tizilombo ta likodzo zinachuluka, ndipo matendawa anakwera pakati pa ana a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Njuchi nazo n'chimodzimodzi: mwa mbewu zikuluzikulu za chakudya pa dziko lapansi, zitatu mwa zinayi zilizonse zimathandizidwa ndi njuchi kapena tizilombo tina kuti zibereke bwino. Chimanga chimadalira mphepo, koma maungu, mpendadzuwa ndi zipatso zambiri zimadikira tizilomboti.

Wolemera zinthu zikatere ali ndi pothawira. Chambo chikasowa amagula nkhuku, mtsinje ukauma amakumbitsa mjigo, likodzo likabwera amapita kuchipatala cholipira. Wosauka chilengedwe ndiye banki yake, golosale yake ndi chipatala chake. N'chifukwa chake kutha kwa zamoyo si nkhani ya okonda mbalame okha ayi.

Nanga akuwononga ndani?

Yankho lofulumira, limene mumalimva pa misonkhano ya m'mahotela, n'loti umphawi ndiwo ukuwononga chilengedwe. Muli choonadi, koma n'chatheka. A Malawi tinali pafupifupi 4 miliyoni pa kalembera wa 1966, ndipo pa wa 2018 tinali 17.5 miliyoni, dziko lili lomwelija. Munda umakwera phiri chifukwa kumunsi kwadzaza. Koma tsatirani thumba la makala. Mnyamata amene wakankha njinga usiku wonse, matumba atatu atasanjikizana kumbuyo mpaka mutu wake osaoneka, saphikira makala kwawo. Thumbalo likupita ku Ndirande, ku Area 25, ngakhale ku nyumba za mipanda kumene magetsi azima. Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo makala ambiri amathera m'tauni. Woyaka manja ndi uvuni amapata zochepa kuposa wa lole ndi wogulitsa pamsika, koma ndi iyeyo amene amalandidwa njinga pa msewu. Mitengo yomangira zigafa ndi yowotchera fodya nayo inapita ndi fodya wosutidwa kunja.

Kunja n'chimodzimodzi, kungoti n'zazikulu. Nkhalango ya Amazon ikugwa makamaka chifukwa cha ng'ombe za malonda ndi soya, za ku Indonesia chifukwa cha mafuta a kanjedza, za ku Côte d'Ivoire ndi Ghana chifukwa cha koko wopangira chokoleti chimene mlimi wake mwina sanachilawepo. Maboma ambiri amathiranso ndalama zothandizira ulimi, usodzi ndi mafuta m'njira zimene zimafulumizitsa chiwonongeko, ndipo ndalamazo n'zochuluka kutalitali poyerekeza ndi zimene amaika pa kuteteza.

Chambo chimaonetsa bwino mmene umphawi ndi msika zimagwirirana manja. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, mazanamazana, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake paki ya ku Cape Maclear, yokhazikitsidwa mu 1980, inalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo amtengo wapatali pa dziko lonse mu 1984. Chambo chili ndi kaberekedwe kake: chachimuna chimakonza chisa pamchenga, chachikazi chimasunga mazira ndi tiana mkamwa, kenako n'kukatisiya m'madzi osaya muli udzu. Khoka likakokedwa pamenepo limasalaza zisa, limazula udzu, limakola mayi ali ndi ana mkamwa, ndipo likakhala la maso ang'onoang'ono limatenganso kasawala asanakule. Ku Nyanja ya Malombe, kumene chambo chinkaposa matani 8,000 pachaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, chinatsika kufika pa matani mazana ochepa chabe m'ma 1990. Mu 2018 mitundu itatu ya chambo inaikidwa m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu pa mndandanda wa IUCN, bungwe la dziko lonse loona za kuteteza zachilengedwe. Lero nsomba yochuluka pa gombe ndi usipa, ndipo chambo chinasanduka ndiwo ya alendo.

Koma pitani pa doko m'mawa muone amene ali m'boti. Alovi, anyamata amene akoka chilimira usiku wonse, si eni ake a boti, injini kapena ukonde. Mwini zida nthawi zina amakhala kutali ndi nyanja. Boma likatseka usodzi wa makoka kuyambira mu Novembala kuti chambo chiswane, mwini zida amadya zimene anasunga, pamene mlovi ndi mayi wowamba nsomba amangoti kakasi, ndipo miyezi yake ndi yomweyo imene njala imayamba kuluma. Apa ndi pamene neti ya udzudzu, imene inaperekedwa kuti iteteze mwana ku malungo, imatsikira kunyanja. Aliyense pagombepo akudziwa kuti akudya mbewu. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo kasawala amene wamusiya lero amukola mnzako mawa.

Mpanda

Njira yakale yotetezera zachilengedwe inali yosavuta kuifotokoza: chotsani anthu, ikani malire, lembani alonda. Inayambira ku Yellowstone m'dziko la America mu 1872, pa malo amene eni nthaka akumeneko ankasakapo kwa mibadwo, ndipo atsamunda anaibweretsa ku Africa. A Maasai anachotsedwa mu Serengeti mu 1959, ndipo mu 2022 ku Loliondo kunabukanso mkangano woopsa boma la Tanzania litadula malo okwana masikweya kilomita 1,500 kuti akhale a nyama. Ku Uganda a Batwa anatulutsidwa m'nkhalango za Bwindi ndi Mgahinga mu 1991 pofuna kuteteza anyani akuluakulu a gorila. Lero mlendo amalipira madola mazanamazana kuti awaone kwa ola limodzi, pamene a Batwa ambiri anatsala opanda malo. Kwathu kuno midzi ya kumadzulo kwa Kasungu inasamutsidwa cha m'ma 1920 ponena kuti kuli matenda a kaodzera, ndipo malowo ndiwo anadzakhala paki mu 1970. Ku Nyika, paki itakulitsidwa mu 1978, anthu zikwi zingapo anatsitsidwa m'mapiri a makolo awo, kusiya manda ndi malo a nsembe mkati mwa malire. Munthu anagona ali mlenje n'kudzuka ali mbava, chonsecho uta wake ndi womwewo.

Kunena izi sikuti mapaki alibe ntchito. Popanda iwo, Malawi bwenzi alibe njovu ngakhale imodzi. Majete ku Chikwawa anali atatheratu: njovu, zipembere ndi mikango zonse zinali zitapita. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa malowo. Zipembere zinabwerera chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012, ndipo anthu ozungulira anapeza ntchito, ming'oma ya njuchi ndi thandizo la sukulu. Mu 2015 bungweli linatenganso Liwonde ndi Nkhotakota, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira ku Nkhotakota. Kafukufuku wa mu 2019 amene anaona mabanja m'maiko 34 osauka anapeza kuti okhala pafupi ndi malo otetezedwa kumene kumabwera alendo anali opezako bwino kuposa anzawo ofanana nawo okhala kutali. Mawu ofunika pamenepo ndi akuti kumene kumabwera alendo. Mapaki ambiri alendo safikako.

Ndipo kupambana kumene kumabala mavuto ake. Njovu za ku Kasungu zinatsika kuchoka pa zoposa 1,000 m'ma 1970 kufika pafupifupi 50 mu 2015 chifukwa cha opha nyama mozembera ofuna minyanga. Mu Julayi 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde, kumene zinali zitachuluka, kupita ku Kasungu. Zithunzi zake zinazungulira dziko lonse: njovu itagonekedwa, ikukwezedwa m'mwamba miyendo ili kumwamba, aliyense akuwomba m'manja. Koma pa nthawiyo mpanda sunali utazungulira paki yonse, ndipo m'miyezi yotsatira midzi ya mbali zonse ziwiri, ya ku Malawi ndi ya ku Zambia, inayamba kudandaula za minda yodyedwa, nkhokwe zogumulidwa ndi anthu ophedwa.

Amene sanalinde munda usiku sangamvetse. Bambo amakhala pa kansanja m'mphepete mwa munda, chimanga chitayamba kukhwima, ali ndi tochi, chitini chogogoda ndi moto wa ndowe zosakaniza ndi tsabola. Njovu simveka poyenda. Chimene amamva ndi phesi kuthyoka, kenako lina, kenako fungo. Akagogoda chitini mwina zichoka, mwina imodzi itembenuka. Njovu yaikulu imadya makilogalamu oposa 100 patsiku, ndipo zikabwera zisanu, ekala imene banja lathirapo feteleza wa ngongole imatha tambala asanalire. M'mawa ana sapita kusukulu chifukwa njira yake ndi yomweyo. Bamboyo akaipha njovuyo, lamulo la nyama zakutchire limene linakhwimitsidwa mu 2017 likumudikira ndi chilango chimene chingafike zaka 30. Njovuyo ikapha iye, banja lake limalira lokha.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Phindu la njovu ndi la dziko lonse lapansi: mwana wa ku Berlin amasangalala kuti ilipo, dziko limapeza ndalama zakunja, mbadwo wa mawa udzaiona. Koma mtengo wake umalipidwa ndi banja limodzi, m'munda umodzi, usiku umodzi. Mu Epulo 2024 Mokgweetsi Masisi, amene anali mtsogoleri wa Botswana, dziko la njovu pafupifupi 130,000, atamva kuti Germany ikufuna kukhwimitsa malamulo olowetsera m'dzikomo ziwalo za nyama zimene alenje apha, monga minyanga, anati awatumizira njovu 20,000 kuti akayese kukhala nazo. Ambiri anaseka, koma ku Kasungu kapena ku Lumezi, tsidya la Zambia, nthabwala imeneyo sinafunike womasulira.

Kubweza umwini

Kuyambira m'ma 1980 maiko ena anayesa njira ina: ngati anthu akulipira mtengo wa nyama, adyeko phindu lake ndipo akhale ndi mawu. Zimbabwe inayamba ndondomeko ya CAMPFIRE mu 1989, yopereka mphamvu pa nyama kwa makhonsolo a maboma, ndalama zambiri zikuchokera kwa alenje olemera akunja. Midzi ina inamanga zigayo, zipatala ndi sukulu. Koma mphamvu inaima pa khonsolo osafika kumudzi, ndipo gawo lalikulu linkatsalira panjira. Namibia inapita patsogolo: lamulo la 1996 linalola midzi kudzilembetsa yokha n'kukhala ndi ufulu pa nyama za m'dera lake, kuchita mapangano ndi eni malo ogona alendo, ndi kulemba alonda ake. Lero madera otere alipo 86, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a dziko lonselo, ndipo njovu ndi zipembere zinachuluka kunja kwa mapaki. Komabe Namibia ili ndi anthu pafupifupi 3 miliyoni pa dziko lalikulu kasanu ndi kawiri kuposa Malawi. Za kumeneko sitingangozinyamula. Ndiponso mu 2020 mliri wa Covid utaimitsa ndege, ndalama za alendo zinauma paliponse mwezi umodzi, ndipo zinaoneka kuti moyo wa mlonda wa nyama ku Africa unali utapachikidwa pa tchuthi cha munthu wa ku Ulaya.

Costa Rica inasankha kulipira mwini malo mwachindunji kuti asadule nkhalango, kuyambira mu 1997, ndalama zake zikuchokera ku msonkho wa mafuta a galimoto. Nkhalango zimene zinatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a dzikolo m'ma 1980 tsopano zaposa theka, ngakhale kuti zifukwa zake si malipiro okhawo. Chovuta chake n'choti kuti ulipidwe uyenera kukhala ndi umboni wa umwini wa malo, ndipo wosaukitsitsa ndi amene alibe pepala. Ku South Africa, a Khoi ndi a San anapambana pa nkhani ya nzeru za makolo: pangano la 2019 linati azilandira 1.5 peresenti ya mtengo umene mlimi wagulitsira tiyi wa rooibos, popeza ndi makolo awo amene anadziwa chitsambacho. Malipiro oyamba, oposa marandi 12 miliyoni, anaperekedwa mu 2022.

Ine chimene chimandikopa kwambiri si cha kutali. Kufupi ndi gombe la Salima kuli chilumba cha Mbenje, chimene kuyambira m'ma 1950 chakhala chikuyendetsedwa ndi malamulo a mfumu Makanjira ndi anthu ake. Mvula ikayamba, cha mu Disembala, chilumba chimatsekedwa ndipo asodzi onse amachokako mpaka cha mu Epulo, pamene chimatsekulidwa ndi mwambo. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena njuga, zida zina zophera nsomba n'zoletsedwa, ndipo wolakwa amathamangitsidwa. Akazi nawonso saloledwa kufikako, zimene ena angafunse ngati n'zachilungamo, ndipo funsolo n'lomveka. Koma nsomba za ku Mbenje zimadziwika ndi kukula ndi kuchuluka kwake, pa nyanja yomweyi imene kwina kwatsala usipa. Makomiti a m'magombe amene boma linayambitsa ku Malombe mu 1993 anavutika kupeza mphamvu zotere, mwa zina chifukwa asodzi ankawaona ngati maso a boma. Kusiyana kwake n'koti msodzi wa ku Mbenje akadziletsa miyezi inayi amadziwa kuti mlendo sabwera usiku kudzakolola zimene iye wasiya. Malire ngodziwika, woweruza ali pafupi, ndipo phindu limabwerera kwa amene anapirira.

Mukamayenda pa msewu wa Lilongwe kupita ku Kasungu kapena ku Mchinji m'chilimwe, yang'anani kunja. Minda ili mbee mpaka kumene maso alekezera, koma apa ndi apo pali kachitsamba ka mitengo ikuluikulu yobiriwira. Amenewo ndi manda. Palibe waya, palibe mlonda wa mfuti, palibe thandizo lochokera kunja, koma nkhwangwa siifika. M'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati, mitengo ya chilengedwe yotsala ili kumeneko basi. Yerekezani ndi mkungudza wa pa Phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, wotetezedwa ndi lamulo m'nkhalango ya boma: pa kalembera wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha.

Pangano la ku Montreal

Maiko anayamba kukambirana nkhanizi pamodzi ku Rio de Janeiro mu 1992, kumene kunabadwa pangano la zamoyo zosiyanasiyana. Lili ndi mamembala 196, Malawi ali momwemo, koma America sinalivomereze mpaka lero. Mu 2010 ku Nagoya m'dziko la Japan anagwirizana zolinga 20 zoti zikwaniritsidwe pofika 2020. Chakacho chitakwana, panalibe ngakhale chimodzi chimene chinakwaniritsidwa chonse.

Pa 19 Disembala 2022 ku Montreal anagwirizananso zolinga 23 zofika 2030. Chotchuka ndi chija amati 30 ndi 30: kuteteza 30 peresenti ya mtunda ndi 30 peresenti ya nyanja zamchere pofika chakacho. Mu 2024 mtunda wotetezedwa unali pafupifupi 17.6 peresenti ndipo nyanja 8.4 peresenti, ndiye kuti malo ofunika kuwonjezera ngaakulu kwambiri. Funso la mlimi n'lachidziwikire: malowo achokera kwa yani? Zamoyo zambiri zotsala zili m'maiko otentha, amene ambiri ndi osauka, ndipo zili m'malo amene muli kale anthu. Oimira eni nthaka anamenyera nkhondo kuti m'cholingacho mulembedwe kuti ufulu wa anthu a m'maderawo uzilemekezedwa, ndi kuti malo osamalidwa ndi anthu eni ake, osati mapaki okha, aziwerengedwa. Mwa mawu ena, malo ngati Mbenje angathe kulowa mu 30 peresenti ija popanda kuthamangitsa msodzi. Zinalembedwa. Koma kuika mzere pa mapu n'kofulumira kuposa kukambirana ndi midzi makumi asanu, ndipo 2030 ili pafupi.

Mkangano waukulu unali wa ndalama. Anawerengera kuti pa ntchito yoteteza zamoyo pakusowa madola 700 biliyoni chaka chilichonse. Anagwirizana kuti pofika 2030 pazipezeka madola 200 biliyoni pachaka kuchokera kulikonse, kuti ndalama za maboma zothandizira ntchito zowononga zichepe ndi madola 500 biliyoni pachaka, ndi kuti maiko olemera azipereka kwa osauka madola 20 biliyoni pachaka pofika 2025 ndi 30 biliyoni pofika 2030. Nthumwi ya Democratic Republic of Congo, dziko losunga gawo lalikulu la nkhalango yachiwiri kukula pa dziko lapansi, inakana usiku womalizawo ponena kuti ndalamazo n'zochepa ndipo pakufunika thumba lapadera. Wapampando anamenya nyundo patebulo pangano n'kudutsa, ngati sanamve.

Ku Cali m'dziko la Colombia mu 2024 anakhazikitsa thumba lina, loti makampani a mankhwala, zodzola ndi mbewu amene amapindula ndi chidziwitso cha chibadwa cha zamoyo (DNA) chosungidwa pa kompyuta aziponyamo 1 peresenti ya phindu lawo kapena 0.1 peresenti ya zonse zimene agulitsa, ndipo theka lipite kwa eni nthaka ndi anthu a m'midzi. Kuponyamo kwake sikokakamiza. Msonkhanowo unatha nkhani ya ndalama isanathe, nthumwi zambiri za maiko osauka zitanyamuka kale kuthamangira ndege popeza zinalibe ndalama zosinthira matikiti, ndipo anakaimalizira ku Rome mu Febuluwale 2025.

Bambo wa pa kansanja uja alimo m'panganoli, m'mawu ochepa a kumapeto kwa cholinga chachinayi, pamene maiko analonjeza kuchepetsa mikangano ya pakati pa anthu ndi nyama zakutchire. Sanatchule kuti alipire ndani. Dziko lililonse limadzionera lokha. Kenya inalemba m'lamulo lake la 2013 kuti banja la munthu wophedwa ndi nyama yakutchire lizilandira mashilingi 5 miliyoni, koma madandaulo anaunjikana kuposa ndalama zimene boma limapatula, moti mabanja ambiri akhala akudikira kwa zaka.